Wosema akamaliza nthawi yake ku Mua

Kale kuno ku Chifunde, ku Mozambique, wosema analibe nyumba yogwiriramo ntchito. Malume anga ankasemera pansi pa mtengo kuseri kwa nkhokwe, chipika cha mlombwa atachipana ndi miyendo, kasemasema ali m'manja. Ankasema mitondo, minsi, zipande, mipini ndi ng'oma, ndipo wogula ankabwera ndi nkhuku kapena dengu la chimanga. Zinanso zinkachitikira kudambwe, koma zimenezo sitinena pabwalo. Panalibe wolemba dzina pa chosema chake, popeza mudzi wonse unkadziwa dzanja la munthu aliyense.

Nkhondo itavuta tinabalalika, ena ku Ukwimi ku Zambia, ena ku Malawi, mpaka mtendere wa 1992. Kumeneko n'kumene tinamva kuti ku Mua, m'boma la Dedza, kuli malo otchedwa Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe munthu amadzuka m'mawa ntchito yake n'kukhala kusema basi. Malume atamva anapukusa mutu, amvekere: "Mphwanga, nanga kumunda apite ndani?"

Nditakula ndinakakhala ku Kungoni kwa kanthawi. Ndinaphunzira kuumitsa mtengo pamthunzi kuti usang'ambike, kutsata mitsempha yake, ndi kusalaza nkhope mpaka chala chitaterera. Mnzako akadutsa ankaima n'kukuuza kuti phewa ili lakwera, ulitsitse. Alendo ochokera kunja akatuluka m'nyumba ya Chamare, momwe amasungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, ankafunsa dzina la wosema asanafunse mtengo wake.

Tsiku lochoka ndinabweza zida zobwereka, ndinasesa zipalapala pamalo panga, chosema chosatha ndinachikulunga m'chitenje. Mtima unali pawiri. Kwathu ndinakusowa, koma ndinkadziwa kuti diso la anzanga ndikulisiya komweko. Malume sanalawepo kusiyana kotere, chifukwa luso lawo, ogula awo ndi manda a makolo awo zonse zinali m'mudzi umodzi.

Kumudzi ndinapeza zasintha. Chigayo chachepetsa ntchito ya mtondo, pulasitiki walanda malo a chipande, mlombwa waukulu wapita ndi odula matabwa. Anyamata ali kalikiliki ndi fodya, ena akukumba golide. Gule Wamkulu anatamandidwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti timadutsa pa Cassacatiza kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Ulemu ulipo ndithu, koma wosema wa kuno ku Chifunde akafuna wogula ayenera kuyang'ana ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Maputo, kumene kuli bungwe la aluso la Núcleo de Arte.

Sindikudandaula kuti tinapita. Chondiwawa n'chakuti wobwerera amafika ndi luso lokula koma wopanda mnzake womudzudzula, ndipo ambiri pakapita nyengo ziwiri amapachika kasemasema patsindwi. Mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake ndamanga chisakasa pakhomo panga, ndipo tikakolola anyamata amabwera kudzasema, wina kuona ntchito ya mnzake. Mafumu athu ndi a boma atipatse malo ndi nkhalango yoti tidzalemo mlombwa, kuti mwana wa ku Chifunde akapita kukaphunzira kutali azikhala ndi kobwerera.