Bwalo Likabalalika, Sewero Limatha

Usiku wa pa 28 Febuluwale 1983, anthu pafupifupi 106 miliyoni m'dziko la America anakhala pansi nthawi imodzi kuonera gawo lotsiriza la sewero lanthabwala lotchedwa M*A*S*H pa wailesi yakanema ya CBS. Sewerolo linkanena za madokotala ndi anamwino a asilikali pa nkhondo ya ku Korea, ndipo linali litayenda zaka 11. Anthu onse a m'dzikomo sanali kukwana 240 miliyoni, kotero kuti kunangotsala pang'ono kuti theka la mtundu wonse liseke ndi kugwetsa misozi pamodzi usiku umenewo.

Kuyambira pamenepo khamulo lakhala likuphwa ngati madzi a padambo m'chilimwe. Pamene sewero la Seinfeld linkatsazika mu 1998, oonera anali 76 miliyoni. Friends inatsazika mu 2004 pamaso pa anthu 52 miliyoni. The Big Bang Theory, imene inali patsogolo pa masewero anthabwala a nthawi yake, inatha mu 2019 ndi oonera 18 miliyoni, ndipo Modern Family inatha mu 2020 ndi 7 miliyoni okha. Chonsecho m'zaka zomwezo anthu a m'dzikomo anachuluka kufikira kupitirira 330 miliyoni.

Ife amene tinakula tikumvera nthano pamoto madzulo, ndi kuzinga wailesi imodzi pakhonde pomvera Kapalepale, nkhani yotere imatikhudza ngakhale ichitikira kutsidya kwa nyanja, pakuti tikudziwa kukoma kwa kuseka pagulu. Tsono tadzifunsa kuti, kodi anthu aja analeka kuseka? Nanga sewero limene anthu mamiliyoni akulikondabe limathetsedwa bwanji?

Poyamba tiyenera kudziwa amene amalipira. Mawailesi aakulu a ku America, monga ABC, CBS, NBC ndi Fox, amaulutsa zithunzi zawo mumlengalenga, ndipo aliyense amene ali ndi kanema ndi mlongoti amaonera wosapereka kalikonse. Ndalama zambiri zimachokera kwa otsatsa malonda. M'theka la ola limene sewero limapatsidwa, sewero lenileni limatenga mphindi ngati 22, zotsalazo ndi za sopo, magalimoto ndi mankhwala. Kampani ya Nielsen imawerenga oonera m'makomo osankhidwa, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chimaika mtengo wa mphindi iliyonse. Tinene mosabisa: sewero ndi nyambo, woonera ndiye nsomba, ndipo wogula nsombayo ndi wotsatsa malonda. Msodzi safunsa ngati nyambo ili yokongola. Amafunsa ngati ikukola.

Komatu si nsomba zonse zimene zili ndi mtengo wofanana. Otsatsa malonda amafunitsitsa anthu a zaka zoyambira 18 kufikira 49, poganiza kuti achikulire anakhazikika kale pa zimene amagula ndipo sakopeka msanga. Mu 1971 wailesi ya CBS inachotsa masewero onena za moyo wakumudzi, monga The Beverly Hillbillies, Green Acres ndi Mayberry R.F.D., ngakhale ena mwa iwo anali akadali ndi oonera ambiri. Mlandu wawo unali wakuti oonerawo anali okalamba ndi a kumidzi. Ife makolo tiyenera kuimva bwino mfundo imeneyi. Gogo atha kuseka mpaka nthiti kuwawa mlungu ndi mlungu, koma m'kaundula wa amalonda kuseka kwake sikulemera ngati kwa mdzukulu wake.

Funso lina ndi lakuti munda ndi wa yani. Nthawi zambiri wailesi imene ikuonetsa sewero si imene inalipanga. Imangobwereka kwa kampani ina ndi kulipira. Phindu lalikulu limadza pambuyo pake, sewero likafika magawo pafupifupi 100 ndi kuyamba kugulitsidwa kuti lizionetsedwanso m'mawailesi ena, ndipo phindulo limapita kwa mwini wake. Mu Meyi 2017 ABC inathetsa sewero la Last Man Standing patatha zaka 6, pamene linali lachiwiri pa masewero ake anthabwala okhala ndi oonera ambiri. Akuluakulu ake anati akusintha dongosolo la madzulo a Lachisanu, koma sewerolo linali la kampani ya 20th Century Fox Television, ndipo chaka chotsatira wailesi ya Fox inaliukitsa. Mu Meyi 2018 Fox nayo inataya Brooklyn Nine-Nine, ndipo m'mawa mwake NBC inalitola, popeza olipanga, a Universal Television, ndi a banja limodzi ndi NBC. Munthu sathira manyowa m'munda wobwereka. Onjezanipo kuti sewero likamakula, malipiro a osewera amakwera. M'zaka ziwiri zomaliza za Friends, aliyense wa osewera ake 6 ankalandira madola 1 miliyoni pa gawo limodzi. Mtengo ukamakwera oonera akuchepa, mapeto ake amadziwika.

Nanga khamu lija linapita kuti? Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mawailesi atatu okha, ABC, CBS ndi NBC, ankagawana oonera pafupifupi 90 mwa 100 alionse madzulo. Zitsime zinali zitatu, ndipo mudzi wonse unkakumana pomwepo. Pambuyo pake panafika kanema wolipira wodzera m'nthambo, wokhala ndi matchanelo mazana. Fox inayamba mu 1986. YouTube inabadwa mu 2005, ndipo Netflix inayamba kutumiza mafilimu pa intaneti mu 2007. Malinga ndi kuwerenga kwa Nielsen, m'mwezi wa Meyi 2025, pa maola 100 alionse amene anthu a ku America anakhala pa kanema, maola pafupifupi 45 anali a zodzera pa intaneti, 24 a kanema wa m'nthambo, ndipo 20 okha ndiwo anali a mawailesi oulutsa mumlengalenga. Aka kanali koyamba kuti za pa intaneti zipose ziwiri zinazo ataziphatikiza. Madzi tsopano afika m'nyumba ya aliyense, ndipo pachitsime patsala anthu owerengeka.

Chimene chimatidetsa nkhawa koposa ndi kuchepa kwa nthawi imene sewero limapatsidwa kuti likule. Sewero lanthabwala lili ngati mnansi watsopano: sitimuseka tsiku limene wafika, koma tikadziwa mayendedwe ake, kakasi kake ndi zofooka zake, kungotsokomola kwake kumatiseketsa. Sewero la Cheers linayamba mu 1982 lili pafupi ndi kumchira kwenikweni pa mndandanda wa Nielsen, koma NBC inalisunga. Linakhala zaka 11, ndipo m'chaka cha 1990 mpaka 1991 linali loyamba m'dziko lonse. Seinfeld itaonetsedwa koyamba mu 1989, anangoitanitsa magawo ena anayi okha, moyesa chabe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoona, kalenso masewero ambiri ankafa adakali akhanda, koma wailesi yokhala ndi khamu lalikulu inkatha kulera limodzi lofooka kumbuyo kwa lamphamvu. Lero khamulo lachepa, ndipo makampani a pa intaneti kawirikawiri amaitanitsa magawo 8 kapena 10 pa chaka, m'malo mwa 22 kapena 24 amene mawailesi ankapanga. Mnansi uja amasamuka tisanamudziwe n'komwe.

Kunena kuti anthu analeka kuseka kungakhale kunama. M'chaka cha 2020, anthu a ku America anaonera sewero la The Office, limene linatha mu 2013, kwa mphindi zoposa 57 biliyoni pa Netflix. Kampani ya NBCUniversal inalonjeza madola 500 miliyoni kuti ilitengere ku Peacock, ndipo WarnerMedia inalonjeza madola 425 miliyoni kuti Friends ipite ku HBO Max. Achinyamata amene anali asanabadwe pamene Friends inkayamba mu 1994 akuionera lero pa mafoni. Masewero onsewa anakulira m'mawailesi akale aja, pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Kotero anthu akudya chimanga cha m'nkhokwe ya makolo, pamene munda umene unachibala ukumera thengo.

Sitikunena kuti zonse za kale zinali zoyera. Munali nthabwala zina zonyoza, ndi zina zimene kholo silingakonde kumva mwana ali pomwepo. Ndiponso kusankha kochuluka kwapatsa mwayi anthu amene mawailesi atatu aja ankawaiwala. Koma pali chinthu chimodzi chimene tikuona kuti chikutayika. Wolemba sewero amene ankadziwa kuti m'chipinda chimodzi mwakhala gogo, bambo, mayi ndi mwana, ankakakamizika kufuna nthabwala yofikira onsewo, ndipo m'mawa mwake mphunzitsi ndi mmisiri ankakumana m'basi ali ndi nkhani imodzi yoseka. Tsopano makina a pa intaneti amaphunzira zokonda za munthu mmodzi ndi kumupatsa zake zokha.

Kwathu kuno wailesi yakanema inafika mochedwa, pakuti Television Malawi inayamba mu 1999, ndipo tisanaizolowere n'komwe foni inali italowa kale m'matumba. Njira imene anzathu anayenda zaka makumi anayi, ife tikuidutsa mothamanga. M'makomo ena madzulo anthu asanu amakhala pa mpando umodzi, aliyense akuseka yekha, wina osadziwa chimene chaseketsa mnzake.

Sitingauze akuluakulu a ku New York ndi Los Angeles sewero loti asunge, ndipo iwo sadzaleka kutiwerenga monga mwa zaka zathu ndi matumba athu. Koma m'nyumba mwathu kaundula ndi wathu. Inu achinyamata, chikakuseketsani pa foni, tembenuzirani foniyo kwa amayi anu kuti nawo aone. Inu makolo anzathu, musafulumire kudzudzula. Yambani mwafunsa kuti choseketsa n'chiyani, ndipo mukhale pansi mpaka chithe. Chimene mwana amaseka chimatiuza za mtima wake zambiri kuposa mayankho amene amatipatsa tikamufunsa. Amalonda atha kuthetsa sewero madzulo amodzi, koma bwalo la pakhomo limabalalika pokhapokha eni ake atalola.