Kompyuta Idachoka mu Ofesi N'kulowa M'thumba

Mphamvu ya kompyuta imagona pa tizipangizo ting'onoting'ono totchedwa transistor, tomwe ntchito yake ndi kutsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Tikachuluka pa chipu chimodzi, kompyuta imawerengera msanga. Mu 1971 kampani ya Intel ya ku America idatulutsa chipu cha 4004 chokhala ndi ma transistor 2,300. Cha M1, chomwe Apple idatulutsa mu 2020, chili ndi 16 biliyoni. Mwana wobadwa limodzi ndi chipu choyambacho adaona zonsezi asanakwanitse zaka 50.

Gordon Moore, yemwe pambuyo pake adakhala mmodzi mwa oyambitsa Intel, adaziona zikubwera. Mu 1965 adalemba kuti chiwerengero cha ma transistor pa chipu chizichuluka kawiri chaka ndi chaka, ndipo mu 1975 adakonza mawu ake n'kuti zaka ziwiri zilizonse. Opanga machipu adatenga mawuwo ngati mpikisano, aliyense kuopa kutsalira.

Chodabwitsa n'chakuti mtengo udatsika mmalo mokwera. Machipu sapangidwa chimodzichimodzi. Amadindidwa ndi kuwala pa silikoni wopyapyala, ambiri nthawi imodzi, monga momwe nyuzi imadindidwira. Transistor ikachepa msinkhu, zambiri zimakwana pamalo omwewo, choncho iliyonse imatchipa. Kompyuta ya IBM PC ya mu 1981 inkayambira pa madola 1,565, koma Raspberry Pi ya mu 2012, yoiposa kutalitali, idagulitsidwa madola 35. Foni yam'manja ya Motorola DynaTAC inali pa madola 3,995 mu 1984, yolemera, yongoimbira basi, ndipo batire lake linkatha munthu akalankhula mphindi 30.

Kuno ku Malawi kusinthaku kudafika kudzera pa foni. Kale kompyuta inali ya m'mabanki ndi m'maofesi akuluakulu, yofundikidwa nsalu kuopa fumbi, ndipo woigwira anali yekhayo amene adaiphunzira. Lero mayi wogulitsa mbatatesi pa Lizulu amamasula foni pa mfundo ya chitenje, n'kuona kuti ndalama yalowa pa Mpamba kapena Airtel Money, kenako n'kutumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp kwa mwana wake ali ku Joni. Ambiri otere sadakhalepo patsogolo pa kompyuta ya patebulo, koma yomwe ali nayo m'manja ikuposa ija ya m'banki ya kale. Ichi n'chinthu chachikulu.

Komabe liwiro lija layamba kuchepa. Ma transistor achepa kwambiri moti kuwachepetsanso kukufuna makina a madola mamiliyoni ochuluka, ndipo makampani okwanitsa atsala owerengeka, monga TSMC ya ku Taiwan ndi Samsung ya ku South Korea. Komanso kutchipa kuja kumawerengedwa m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafoni m'mashopu idakwera, chonsecho bandulo ndi kutchajitsa zikufunanso ndalama. Kwa Mmalawi wa kumudzi kopanda magetsi, foni yamakono idakali yodula.