Wailesi ya M'galimoto ndi Nyimbo za M'foni

Magalimoto ambiri amene timawaona pa mseu wa M1 podutsa pa Lumbadzi, kapena pa mseu wa ku Mchinji podutsa pa Mpingu ndi Namitete, adayamba agwira ntchito ku Japan. Ochuluka amatsikira pa doko la Dar es Salaam, naloŵa m'Malaŵi pa chipata cha Songwe. Amabwera ndi wailesi yooneka bwino, koma mwini akaitsegula amapeza kuti siigwira nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno. Chifukwa chake nchakuti mawailesi ambiri a ku Japan amayambira pa nambala 76 nalekeza pa 90, pamene nyumba zathu za FM zili pakati pa 87.5 ndi 108.

Ine ndi akunyumba tili nalo galimoto lotere, limene tidagula titasunga kwa zaka zambiri kuchokera pa malipiro a uphunzitsi. Mwana wathu wachisamba ndiye adabwera ndi kachipangizo kotalika ngati chala, nakaloŵetsa pa chiboo choyatsira ndudu. Zoonadi, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Kachipangizoka kamalandira nyimbo kuchokera m'foni popanda chingwe, mwa njira yotchedwa Bluetooth, imene imafika mamita ngati 10. Kakalandira, kamaziulutsanso monga kanyumba kakang'ono ka FM, ndipo wailesi ya m'galimoto imazigwira. Pa wailesi ya ku Japan muyenera kusankha nambala ya pakati pa 87.5 ndi 90 pamene palibe nyumba ina, ndi kuika nambala yomweyo pa kachipangizoko. Kuno ku Chitukula mawu amamveka bwino, koma poyandikira mumzinda nthaŵi zina pamaloŵa phokoso, pakuti nyumba zamphamvu zimakapondereza. Amene wailesi yawo ili ndi kaboo kolembedwa AUX angachite bwino kugula cholandirira cha chingwe, popeza mawu ake ngoyera koposa.

Njirayi idayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden mu 1994. Dzina lake ndi la Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark ya zaka za m'ma 900, imene idagwirizanitsa anthu ake kukhala mtundu umodzi. Koma kodi m'mabanja mwathu chipangizochi chikutigwirizanitsa?

Ife tidakula ndi wailesi ya MBC, imene idayamba mu 1964. Banja lonse linkamva chinthu chimodzi: nkhani, mauthenga achisoni, seŵero la Kapalepale. Lero wogwira foni ndiye mwini ulendo, ndipo agogo angakhale chete kuchokera ku Nambuma mpaka ku Lilongwe, akumva mawu amene sakadalola kuti anenedwe pakhomo pawo. Tsono m'galimoto mwathu tidapangana zinthu zitatu.

Choyamba, woyendetsa sagwira foni. Monga mphunzitsi ndiloleni ndiŵerengere: galimoto lothamanga makilomita 60 pa ola limayenda mamita 50 m'masekondi atatu okha. Woyendetsa akaŵerama kuti asinthe nyimbo, mamita onsewo amayenda ngati wakhungu, pamene m'mbali mwa mseu muli ana a sukulu, a kabaza ndi ngolo. Ena mwa anawo ndimawaphunzitsa ine.

Chachiŵiri, foni ikalira, woyimbayo auzidwe msanga kuti mawu ake akumveka kwa onse. Nkhani ya matenda kapena ya maliro siyenera kufikira munthu mwadzidzidzi pa zokuzira mawu.

Chachitatu, timasankha nyimbo mosinthana, kuyambira wamkulu. Amayi awo a ana amasankha makwaya a Chigwirizano, anyamata nasankha zawo. Nyimbo ikatha, woisankha amafotokoza chimene ikunena. Ndaona kuti mnyamata sasankha nyimbo imene angachite nayo manyazi poimasulira pamaso pa agogo ake. Inenso ndadziŵa mwa njira imeneyi zimene ana anga amazilingalira, zimene sakadandiuza nditawafunsa maso ndi maso.

Makolo anzanga, tisakane chipangizo chifukwa chakuti nchachilendo. Tikhale pansi ndi ana athu atiphunzitse kagwiritsidwe kake. Ndipo inu achinyamata, pamene dzanja lanu lili pa foni, kumbukirani kuti makutu onse a m'galimoto ali m'manja mwanu.