Mbewu za m'firiji ndi mbewu za pamwamba pa moto

Ndimagwira ntchito ku munda wophunzitsira wa pa sukulu ina ya ukachenjede m'chigawo cha kumwera kwa Malawi. Ndimayang'anira nyumba yosungiramo mbewu, kulemba zolowa ndi zotuluka, komanso kuthandiza ophunzira pa minda yawo yoyeserera. Kwa zaka zingapo tinkayenda m'midzi kupempha alimi mbewu za makolo monga chimanga, mapira, mawere, nzama, khobwe ndi nandolo. Mlimi aliyense amene anatitapira mbewu tinkamulonjeza kuti tidzaisamala, ndipo kuti yake ikadzatayika adzabwera kudzatenga kwa ife.

Mbewuzo tinaziika m'timaenvulopu ta mapepala n'kuzisunga m'mafiriji awiri. Mumtima tinkadzitama kuti mbewu ya pa yunivesite singaonongeke ngati ya m'nkhokwe.

Pa 24 Januwale 2022 kunafika namondwe wa Ana. Madzi a mu Shire anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, amene ankapereka mamegawati pafupifupi 130, ndipo dziko lonse linali mu mdima. Jenereta tinali nayo, koma mafuta ake anatha usiku woyamba. Kiyi wa chipinda cha mbewu anali ndi munthu mmodzi yekha, ndipo iyeyo anali kwawo kutsidya la mtsinje umene unali utasefukira. Manambala a foni a anzathu ena anali mu kompyuta yomwe sikanayaka popanda magetsi.

Titathyola loko pa tsiku lachinayi, fungo la chuku ndi limene linatilonjera. Madzi oundana a m'mafiriji anali atasungunuka, denga nalo linali litadontha. Mbewu zina zinali zitamera m'mapepala momwemo, zina zitaola. Ngakhale zimene zinapulumuka zinatisokoneza, pakuti inki inali itafufutika ndipo sitinathe kudziwa kuti iyi inachokera m'mudzi uti. Buku la ndondomeko ya ngozi linalipo ndithu mu ofesi, lalikulu bwino, la m'Chingerezi. Ineyo ndinali ndisanalitsegulepo, choncho sindingaloze chala munthu wina.

Chimene chinandilemera kwambiri chinali kubwerera kwa alimi aja. Ndinayambira kwa agogo ena amene anatipatsa khobwe wofiira. Nditakhala pa mphasa ndinati, "Agogo, ndabwera ndi manyazi. Mbewu yanu ija yationongekera."

Iwo sanakalipe. Analowa m'khitchini natulutsa nsupa yakuda ndi mwaye, imene inkakhala pamwamba pa moto. M'kati mwake munali khobwe yemwe uja, wosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asamudye. Kenaka anati, "Mwanangu, wina ali kwa mwana wanga wamkazi kumtunda uko. Inu munali malo anga achitatu. Mbewu sasunga pamodzi."

Ndinabwerera ndi khobwe m'thumba ndi nzeru imene sindinaipeze m'kalasi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Chaka chomwecho tinakhala pansi, aphunzitsi, ophunzira, alonda ndi ife a kumunda, n'kudzifunsa mafunso atatu. Ndi chiyani chimene chitatayika sitingachipezenso? Ndani adzachiteteze? Nanga iyeyo atachokapo, adzalowe m'malo mwake ndani? Mayankho tinawalemba pa tsamba limodzi, m'Chichewa, n'kulimata pa khoma pamene mlonda wa usiku angaliwerenge ndi tochi.

Mbewu tinayamba kuziumitsa bwino n'kuzitsekera m'mabotolo osalowa mpweya, dzina lake n'kulilemba ndi pensulo pa kapepala ka m'kati, popeza pensulo safufutika ndi madzi. Mtundu uliwonse tinaugawa patatu: gawo lina m'firiji, lina m'nyumba ina ya pamtunda, lina kwa alimi eni ake. Makiyi tinadulitsa atatu. Kaundula wa mbewu tinamukopera m'buku la pamanja n'kumujambulanso m'mafoni a anthu atatu. Tinalembanso mayina a ophunzira onse ndi malo amene amagona, makamaka amene amachita lendi kunja kwa sukulu. Mu Okutobala tinayendera denga, ngalande ndi mafuta a jenereta, ndipo mu Novembala tinayeserera ngati kuti ngozi yagwa kale. Ena anatiseka poona anthu akuluakulu akuthamanga ndi mabotolo dzuwa likuswa mtengo.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. A zanyengo anachenjeza pa wailesi kudakali masiku, ndipo ulendo uno tinamvera. Mabotolo tinawasamutsa mvula isanalimbe. Namondweyu anali woopsa kuposa Ana. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, pamene oposa 600,000 anasowa pokhala.

Sindinganame kuti ndondomeko yathu inayenda bwino monse. Mafoni anasiya kugwira, ndipo ophunzira awiri amene anasamuka nyumba osatiuza tinawafunafuna masiku awiri mitima ili m'mwamba. Tinawapeza amoyo pa msasa wa pa tchalitchi china. Apo tinaphunzira kuti mndandanda wa mayina umakalamba msanga, ndipo uyenera kuunikidwa teremu iliyonse. Koma mbewu sitinataye ngakhale botolo limodzi.

Madzi ataphwa, mdzukulu wa agogo aja anafika ku ofesi kwanga. Khitchini ya agogo ake inali itagwa, nsupa ija itapita ndi madzi. Ndinatsegula botolo n'kumutapira khobwe wofiira woti akadzale kudimba chinyontho chisanathe. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi, tsiku limenelo ndi limene ndinaona kuti malipiro anga ndawagwiriradi ntchito.

Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa lija la 1991, ndipo nthambi ya DoDMA imagwira ntchito ndi makomiti a m'maboma ndi a m'midzi. Komabe lamulo silingasamutse thumba la mbewu pa gulu lanu. Inu alangizi ndi alimi anzanga, pa msonkhano wanu wotsatira dzifunseni mafunso atatu aja. Kodi buku la banki m'khonde likusungidwa kuti, ndipo lina lofanana nalo lili ndi yani? Kodi kiyi wa nkhokwe ya gulu ali ndi anthu angati? Kodi okalamba ndi olumala adzawanyamula ndani madzi akadzabwera usiku, ndipo adzapita nawo pa chitunda chiti? Lembani mayankhowo pa tsamba limodzi, muwerengere gulu lonse, ndipo muyeserere mvula yoyamba isanagwe.