Anapitako ndani ku nyenyezi?

 Lero tiyang'ane kumwamba.

Buku la sukulu limati dzuwa ndi nyenyezi, ndipo nyenyezi zinapangidwa makamaka ndi mipweya iwiri, hayidirojeni ndi hiliyamu. Mwana amaloweza, amalemba pa mayeso, amakhoza. Koma chaka chilichonse sipalephera mmodzi wokweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, anapitako ndani kukatapa mpweyawo?" Funso limeneli ndimalilemekeza kuposa mayankho onse oloweza. Mwana amene tamuuza kuti "ndi mmene alembera m'buku" amaphunzira chinthu choopsa. Amaphunzira kuti nzeru ndi matsenga a anthu akutali, ndipo ntchito yathu ife n'kungovomera. Mwana wotere akadzakula adzavomeranso aliyense wobwera ndi botolo la mankhwala ochiza matenda onse, bola alankhule Chipwitikizi chabwino.

Yankho loona n'lakuti palibe anapitako. Nyenyezi za Alpha Centauri, zimene zili m'gulu la zoyandikana nafe kwambiri, kuwala kwake kumayenda zaka zoposa zinayi kuti kutipeze, pomwe kwa dzuwa kumangotenga mphindi zisanu ndi zitatu ndi kanthu. Mu 1835 munthu wina wanzeru wa ku France, Auguste Comte, analemba kuti anthu sadzadziwa konse zimene zili m'nyenyezi. Zaka 30 zisanathe, anthu anali atayamba kudziwa. Anachita ngati mlenje. Mlenje sanaione nyamayo, koma akawerama n'kuyang'ana mapazi pa dothi lonyowa amakuuzani kuti inali gwape, inadutsa m'mamawa, ndipo ikutsimphina mwendo wakumbuyo. Mapazi a nyenyezi ali m'kuwala kwake.

Tiyambire kukhitchini. Amayi, mwaonapo zimene zimachitika madzi amchere akasefukira pa mphika n'kugwera pa moto? Lawi limasanduka lachikasu chowala. Amene anaponyapo waya wa kopa pa moto anaona lawi lobiriwira. Zimenezi sizichitika mwangozi. Mu mchere muli sodiyamu, ndipo sodiyamu akatenthedwa amatulutsa chikasu chomwecho nthawi zonse, kaya ndi ku Lifidzi kapena ku Lisboa. Chinthu chilichonse chili ndi mitundu yakeyake ya kuwala, monga mmene munthu aliyense alili ndi chidindo chake cha chala.

Kenako tikumbuke utawaleza. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma kukadutsa m'madontho a mvula kumamasuka, mitundu yonse imene inali yopotana pamodzi n'kuyalana, kuyambira kufiira mpaka kubiriwira ndi kupepo. M'buku la Chipwitikizi mzere wa mitunduwu amautcha espectro. Mu 1814 Joseph Fraunhofer wa ku Germany, mwana wamasiye amene anakula akupala magalasi, anamasula kuwala kwa dzuwa ndi galasi losalala bwino kuposa la wina aliyense. Anaona kuti utawalezawo ndi wodukaduka: muli timizere takuda toposa 500, tili m'malo omwewo tsiku ndi tsiku. Anatijambula mosamala, koma anamwalira asanadziwe tanthauzo lake.

Amene anamasulira anali Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen a ku Heidelberg, cha mu 1859. Iwo anapeza kuti mpweya wotentha umatulutsa mitundu inayake, koma kuwala kwamphamvu kukadutsa mu mpweya womwewo uli wozizirirapo, mpweyawo umameza mitundu yomweyo ndendende, n'kusiya mipata yakuda. Pamalo pamene sodiyamu amawalira chikasu pa lawi, pa utawaleza wa dzuwa pali timizere tiwiri takuda. Ndiye kuti m'mpweya wokuta dzuwa muli sodiyamu, yemwe uja wa mu mchere wa m'ndiwo. Atayerekeza timizere tina anapezamonso chitsulo ndi kashiamu. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa ndiye panali pake.

Nkhani imene ana anga m'kalasi amaikonda kwambiri ndi ya hiliyamu. Mu 1868, chaka chimene kadamsana wa dzuwa anaoneka ku India, akatswiri anaona mzere wachikasu m'kuwala kwa m'mphepete mwa dzuwa umene sunkagwirizana ndi chinthu chilichonse chodziwika padziko. Norman Lockyer wa ku England anati chimenechi n'chinthu chatsopano, ndipo chinatchedwa hiliyamu kuchokera ku dzina la dzuwa m'Chigiriki. Ambiri anakayikira. Koma mu 1895 William Ramsay anaupeza mpweyawo m'mwala pansi pompano, mzere wake uli pamalo omwewo. Taganizani, chinthu kupezeka kaye kudzuwa, kenako padziko patatha zaka 27. Umenewu ndiwo umboni wakuti njirayi si yongopeka. Inanena chinthu chisanaoneke, chinthucho n'kudzaonekadi. Masiku ano mpweya umenewu wapezeka wambiri pansi pa nthaka ku Rukwa, kwa anansi athu a ku Tanzania.

Kudziwa kuti chinthu chilimo n'kosiyana ndi kudziwa kuti chilimo chochuluka bwanji. Mpaka cha m'ma 1920 akatswiri ankaganiza kuti dzuwa linapangidwa mofanana ndi dziko, miyala ndi zitsulo, kungoti n'lotentha. Mu 1925 mtsikana wa zaka 25, Cecilia Payne, akuphunzira ku Harvard, anawerengetsa bwino timizere tija n'kupeza kuti nyenyezi zadzaza ndi hayidirojeni ndi hiliyamu, ndipo zina zonsezi n'zapang'ono ngati mchere m'ndiwo. Katswiri wamkulu wa nthawiyo, Henry Norris Russell, anamuuza kuti zimenezo sizingatheke, moti iye analemba m'buku lake kuti mwina chiwerengerocho si choona. Mu 1929 Russell yemweyo anapeza kuti mtsikanayo ankanena zoona. Lero tikudziwa kuti pa kulemera kwa dzuwa, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi hayidirojeni, pafupifupi gawo limodzi ndi hiliyamu, ndipo zotsala zonse sizikwana magawo awiri pa 100. Nkhani imeneyi ndimaikamba dala ndikuyang'ana mbali imene kwakhala atsikana.

Funso lachiwiri sindinafunsidwe ndi mwana. Unali usiku wa mu Julayi pa siwa, tikuwotha moto panja, chisanu cha kuno chikuluma makutu, Mlalang'amba utayalana kumwamba ngati ufa wotayika. Mkulu wina amene bambo ake anali osula makasu anandimva ndikufotokozera anyamata za timizere tija. Anakankhira chikuni pamoto n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zonsezo ndamva. Koma moto uwu tikausiya, kusanache wazima. Nanga wa kumwambawo amasonkhezera ndani? Nkhuni zake sizitha?"

Ndinati, "Agogo, funso lanulo linasowetsa tulo anthu ophunzira kwa zaka zambirimbiri."

Ndipo n'zoona. Dzuwa likanakhala mulu wa malasha ngati a ku Moatize, likanapsa n'kutha m'zaka masauzande owerengeka chabe. Koma lakhala likuwala kwa zaka pafupifupi 4.6 biliyoni. Ndiye kuti si moto wa nkhuni kapena wa malasha. Mu 1920 Arthur Eddington anapereka ganizo lakuti mphamvuyi imachokera m'kati mwa maatomu, ndipo mu 1939 Hans Bethe anafotokoza ndondomeko yake bwinobwino. Pakatikati pa dzuwa kutentha kumafika madigiri 15 miliyoni, ndipo kulemera kwa dzuwa lonse kumapanikiza malo amenewo. Atomu iliyonse ili ndi phata, ndipo maphata a hayidirojeni amakankhana, safuna kuyandikana. Koma pa kutentha ndi kupanikizika kotero, ena amawombana mpaka kumamatirana. Pang'onopang'ono maphata anayi a hayidirojeni amasanduka phata limodzi la hiliyamu. Kuphatikana kumeneku n'kumene buku limati fusão nuclear.

Chinsinsi chagona pa sikelo. Hiliyamu wotulukayo amapepuka pang'ono poyerekeza ndi hayidirojeni amene analowa. Pa magalamu 1,000 alionse, magalamu 7 amasowa. Agogo aja anaseka n'kunena kuti ndiye zili ngati kuchigayo, kumene ufa sukwana mmene chinalili chimanga. Kusiyana kwake n'kwakuti kudzuwa palibe chimene chimatayika pansi. Magalamu osowawo amasanduka kuwala ndi kutentha, monga anasonyezera Albert Einstein mu 1905 kuti kanthu kochepa kolemera kangasanduke mphamvu yochuluka zedi. Sekondi iliyonse dzuwa limaphatikiza matani pafupifupi 600 miliyoni a hayidirojeni, ndipo matani oposa 4 miliyoni amasanduka mphamvu. Ngakhale zili choncho, nkhokwe yake ikadali ndi chakudya cha zaka zina pafupifupi 5 biliyoni. Mphamvu imeneyi ndi imene imakhwimitsa chimanga ndi kachewere m'minda yathu. Ndi imene imakweza madzi kukhala mitambo, mvula n'kugwa, Zambezi n'kudzaza, makina a ku Cahora Bassa n'kuzungulira. Ngakhale malasha a ku Moatize ndi dzuwa lakale limene nkhalango zinasunga.

Pali chinanso chimene mwana wa wosula amachimva msanga kuposa ife. Chitsulo chikamatenthedwa chimayamba kufiira, kenako chikasu, kenako kuyera. Nyenyezinso zili chimodzimodzi. Mvula ikayamba, yang'anani Akamwiniatsatana madzulo, nyenyezi zitatu zondondozana zija. Mbali imodzi kuli nyenyezi yofiirira, Betelgeuse, imene kunja kwake n'kozizirirapo kuposa dzuwa. Mbali inayo kuli Rigel, yoyera mobiriwira, yotentha kuwirikiza kawiri kuposa dzuwa. Nyenyezi zikuluzikulu zotere sizilekera pa hiliyamu. Zimapitiriza kuphatikiza mpaka kupanga kaboni, okosijeni, silikoni, n'kukafika pa chitsulo. Zikafika pamenepo ng'anjo imazima, nyenyezi imagwera m'kati n'kuphulika, zonse zimene inasula n'kumwazika. Zimenezi zinalongosoledwa bwino mu 1957 ndi Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle.

Mu February 1987 kuphulika kotere kunaoneka ndi maso kumwera kwa thambo, m'kamtambo ka nyenyezi kotchedwa ka Magellan, kamene kamaoneka bwino kuno usiku wopanda mwezi. Kuwala kwake kunali kutayenda zaka zoposa 160,000. Nthawi imeneyo ambiri a kuno anali atathawa nkhondo, ali m'misasa ku Malawi, ndipo maso awo anali pa zina. Koma akatswiri amene anamasula kuwalako anaonamo zizindikiro za kobati amene ankasanduka chitsulo. Choncho chitsulo cha khasu, chitsulo chofiiritsa dothi la katondo, ndi chitsulo cha m'magazi mwathu, zonsezi zinasulidwa m'nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanabadwe.

Ntchito yowerenga timizereyi ikuchitika pafupi nafe. Ku Sutherland ku South Africa kuli makina aakulu oonera nyenyezi otchedwa SALT, amene anatsegulidwa mu 2005, ndipo ntchito yake yaikulu ndi yomasula kuwala komweku. Dziko lathu la Mozambique lilinso m'gulu la mayiko a mu Africa ogwirizana nawo pa ntchito ya SKA, yomvetsera thambo ndi mawayilesi. Adzagwire ntchito kumeneko ndi ana amene anazolowera kufunsa kuti "mwadziwa bwanji?"

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, yesani izi. Pezani CD yakale ndi katoni yaing'ono. Cheka kampata kopyapyala mbali imodzi, ikani CD mopendeka m'katimo, boolani kabowo koonera pamwamba pake. Lozetsani kampatako ku kandulo, mudzaona utawaleza wosaduka. Lozetsani ku babu loyera lokhotakhota losunga magetsi lija, mudzaona mitundu yodukaduka, uwu payokha, uwu payokha. Amenewo ndi mapazi a zinthu zimene zili m'babumo. Chonde musalozetse ku dzuwa, lingakuwonongeni maso. Mukayesa, tiuzeni zimene ana aona. Ndipo amene muli ndi agogo pakhomo, afunseni mayina a nyenyezi amene akuwakumbukira kupatula Nthanda, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, mutilembere m'munsimu pamodzi ndi dzina la mudzi wanu.