Laputopu ya Amalume

Laputopu ya amalume inakhala zaka zitatu m'sutikesi ya ambuya, itakulungidwa m'chitenje pamodzi ndi malaya awo a khaki. Amalume anali woperekeza alendo m'paki ya South Luangwa, ndipo makinawo anawapatsa mlendo wina amene anamuonetsa kambuku. Atamwalira mu 2021, wina anayesa kuyatsa, koma Windows 7 inangozungulira n'kuzima. Anthu anati nayonso yafa. Ambuya anatseka sutikesi, ndipo palibe anaikhudzanso.

Ine ndimakonza mafoni ku Mtendere, mu Lusaka. Mu Okutobala 2024 ntchito inali itaima, chifukwa madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankabwera maola ochepa okha, nthawi zambiri usiku. Ndinakwera basi pa Intercity, kudutsa Chipata, kutsikira ku Mfuwe, mpaka kwathu ku Kawaza, m'dera la Mfumu Nsefu. Mudzi wathu umadziwika chifukwa cha alendo akunja amene kuyambira 1997 amabwera kudzagona m'nyumba zaudzu ndi kudya nsima ndi manja. Makamera okwera mtengo tinawazolowera, koma mwana wokhala ndi kompyuta kunyumba ndi wosowa.

Madzulo a tsiku lachiwiri ndinapeza msuweni wanga, mwana wa amalume omwewo, atakhala pamphasa akugogoda katoni ndi zala. Anali atajambulapo kiyibodi yonse ndi bolopeni, kuyambira Q mpaka M. Anali mu Giledi 9, mayeso a Computer Studies atatsala milungu yochepa, ndipo kusukulu ankaikhudza kompyuta yeniyeni kwa mphindi zowerengeka, ana angapo atapanikizana pa imodzi. Ndinaseka, kenako manyazi anandigwira. Makina a atate ake anali m'nyumba, mapazi khumi kuchokera pomwe anakhala.

Ndinapita kwa ambuya, ndinagwada.

"Ambuya, ndipempha laputopu ya amalume."

"Yakufa ija? Ufuna ukagulitse ku Lusaka?"

"Iyayi, ambuya. Ndifuna ndione ngati ingadzuke."

Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anamasula kiyi pa chitenje.

M'thumba mwanga mumakhala fulashi yokhala ndi Lubuntu. Kwa amene simunaimvepo, iyi ndi imodzi mwa mitundu ya Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woikopera, kuisintha ndi kugawira anzake. Lubuntu ndi mng'ono wake wa Ubuntu, imene inatuluka mu 2004 ndi thandizo la Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi umunthu womwe uja timaudziwa. Ubwino wa Lubuntu ndi kupepuka: imayenda pa makina otopa, monga awa a RAM ya 2 GB, amene Microsoft inasiya kusamalira Windows yake mu Januwale 2020.

Choyamba ndinatsegula kunsi. Fani inali itatsekeka ndi fumbi la m'chigwa, lolimba ngati dothi la chiswe. Ndinaipukuta ndi burashi yotsukira mano. Batire inali itatheratu, choncho tinalumikiza chaja ku inveta ya sola ya aneba, imene amatchajira mafoni. Masana kutentha kunkapitirira madigiri 40, ndiye tinadikira dzuwa lipendeke. Ndinalowetsa fulashi, ndinadina F12, ndinasankha kuti makina adzukire pa fulashi m'malo mwa hadi disiki. Njira imeneyi imakulola kuyesa Linux osafufuta kanthu.

Sikirini inawala. Ana a aneba anakuwa. Ine maso anali pa chinthu china: hadi disiki inali yamoyo, mafoda onse ali m'malo mwake. Windows yokha ndiyo inawonongeka.

Munali zithunzi zambirimbiri. Njovu zikuwoloka Luangwa, mvuu zitaunjikana m'madzi otsala a chilimwe, mbalame zofiira zija zimakumba mauna m'gombe. Ndipo panali foda ina yolembedwa kuti Kunyumba. Ambuya akupeta mpunga. Msuweni wanga ali wamng'ono, mano akutsogolo kulibe. Kavidiyo ka masekondi ochepa, amalume akuseka kuseri kwa kamera, akumuuza kuti aime bwino. Ambuya anali asanamve mawu amenewo zaka zitatu. Anati tibwereze. Tinabwereza kasanu, mpaka inveta inalira kuti moto watha.

Vuto linabwera m'mawa. Kuti makina agwire ntchito tsiku ndi tsiku, ndinafuna kuika Lubuntu pa disiki yonse, kutanthauza kufufuta zonse zimene zinalipo. Ndinakopera zithunzi pa fulashi ina ndi pa memori khadi ya foni yanga, ndinatsegula zingapo kuti nditsimikize. Komabe chala chinakana kudina. Panali zinthu zosakopereka: momwe amalume anayalira tizithunzi pa sikirini, dzina lawo potsegulira. Ndinawafotokozera ambuya zonse, osabisa.

"Zithunzi zili pawiri?"

"Zili pawiri, ambuya."

"Nanga mwanayu aphunzirapo?"

"Aphunzirapo."

"Ndiye ukudikira chiyani? Atate ake sanali munthu wosunga nsapato m'sutikesi."

Anadina ndi msuweni wanga, osati ine. Dzina lotsegulira analemba lake.

Ndinamuikira zochepa zimene sizifuna intaneti. LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera masamu m'matebulo. Siifanana ndendende ndi Word ndi Excel za kusukulu, koma amene wazolowera imodzi sasochera pa inzake. Tux Typing yophunzitsira zala. Kiwix, imene imasunga Wikipedia m'makina momwemo, kuti bando ikatha kuwerenga kusathe. Tsiku loyamba analemba dzina lake lonse mphindi ziwiri, akusaka chilembo chilichonse, ngakhale pa katoni ankathamanga. Katoni siikuuza ukalakwitsa. Sabata isanathe anzake atatu anali akubwera madzulo, aliyense ndi nthawi yake.

Sindinena kuti laputopu imodzi yasintha mudzi. Kiyi ya E imafuna kuikankha mwamphamvu, ndipo kukachita mitambo inveta imakana. Koma kuyambira pomwe ndinabwerera ku Mtendere, ndimayang'ana mosiyana milu ya makompyuta akale imene ili m'mashopu a anzanga, yodikira ogula zitsulo. Yambiri mwa iyo ndi Windows yokha imene inatopa. Ngati kwanu kuli ina pamwamba pa wadiropu, pezani fulashi ya 8 GB, muyese musanafufute kanthu, ndipo muyambe mwapulumutsa zithunzi.

Katoni ija ambuya anaitola. Ili m'sutikesi, pamalo pomwe panali laputopu.