Chitsulo m'chiuno mwa mwana

Chitsulo chimene madokotala amaika m'chiuno chimatha ngati chinthu china chilichonse. Ambiri chimawatumikira zaka 15, 20, mwina kupitirira apo. Kwa agogo a zaka 70, ndiye kuti nkhani yatha. Kwa mng'ono wanga wa zaka 16, ndiye kuti tsiku lina adzagonanso pa bedi la opaleshoni.

Chimwalirireni amayi, kholo lake ndine, choncho pepala lovomereza opaleshoni likudikira ine kuti ndisaine. Sickle cell inatseka timitsempha topititsa magazi kumutu kwa fupa la ntchafu, fupalo n'kuyamba kufa. Kwathu ku Namitambo, ulendo wa kusukulu wa mphindi 20 amauyenda ola lathunthu.

Ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala cha mafupa chomwe chinatsegulidwa mu 2002, anatifotokozera zonse osabisa. Amalume akuti tidikire ayambe wakula. Koma akulire pati, pamphasa? MSCE sidikira munthu.

Nditamufunsa mwiniwake, anangoti, "Achemwali, za kutsogolozo tidzaziona konko. Ine ndikungofuna nditagona usiku umodzi osadzutsidwa ndi ululu."

Lolemba tikwera minibasi ya ku Limbe. Ndikasaina, ngakhale dzanja likunjenjemera.